Zilembo Zitatu pa Bedi la Ababa

Ine ndine mphunzitsi wa Chingerezi, Sitandade 7, ndipo kwathu kuphiri palibe amene sadziwa zimenezi. Kalata ikabwera yochokera kuboma amaisunga pansi pa mphasa mpaka ndidzakwere Loweruka. Kapepala ka m'botolo la mankhwala opopera mbewu, fomu ya kusukulu, uthenga wa pafoni umene wina sakuumvetsa, zonse zimandidikira ine. Pakamwa ndinkadandaula kuti anthu awa sandipatsa mpata wopuma, koma mumtima ndinkakondwera nazo. Ndiye ababa atagonekedwa m'chipatala m'tawuni muno mu Zomba, panalibe zokambirana zoti gadiyani akhale ndani. Amayi anatisiya zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, achimwene ali ku Joni, ine ndimachita lendi ku Matawale, mtunda wa kabaza basi. Ndiponso ndine wowerenga wa pabanja.

Ababa akhala akucheka matabwa m'nkhalango ya paini kuyambira ine ndisanabadwe. Makina ocheka anawagonthetsa khutu lakumanzere, ndipo lakumanjalo limamva zimene lafuna. Kunyamula zipika kunawabweretsera chotupa m'munsi mwa mimba, matumbo akumatsikira kumene sayenera kutsikira. Zaka ziwiri anangomangapo lamba n'kumati ndi mphepo ya kuphiri. Atayamba kulephera kukwera kachitunda ka kunyumba osakhala pansi kawiri, ndi pamene anavomera kutsika. Dokotala anati opaleshoni yake ndi yaing'ono, koma ikachedwa matumbo angathe kupotana, ndipo pamenepo imasanduka nkhani ina. Opaleshoni za mtundu umenewu ankachita Lachinayi lokha. Ukaphonya Lachinayi lako unkagona pabedi pomwepo kudikira lina. Aphunzitsi aakulu anandipatsa sabata imodzi, monyinyirika, chifukwa mayeso anali pafupi.

Tsiku loyamba lomwelo ababa anasolola buku lawo la kuchipatala m'jumbo n'kundipatsa.

"Tatiwerengerani, aphunzitsi," anatero. Amanditchula choncho akafuna kundinyadira pagulu, ndipo anakweza mawu kuti bambo wa pabedi loyandikana amve.

Ndinatsegula. Ndinaona BD, TDS, PRN, STAT, timizere topendekeka ndi manambala, kalembedwe kake ngati nkhuku yapalasa pamchenga. Mwa zonsezo ndinazindikira BP yokha, poti imeneyo ngakhale ogulitsa tomato kumsika amaidziwa. Ndinaliyang'ana tsambalo nthawi ndithu, uku ndikugwedeza mutu monga amachitira munthu amene akumva.

"Akuti muchira," ndinatero.

"Basi? Tsamba lonseli?"

"Zinazo ndi za mankhwala."

Ababa anatembenukira kwa mnzawo uja. "Mwamva, achimwene? Kuphunzitsa mwana n'kwabwino."

Pali chinthu chimene chimandiwawa mpaka lero. Buku limenelo ndi la wodwala. Amagula yekha, amalisunga yekha m'jumbo kuti lisanyowe, akaliiwala kunyumba amakalipiridwa. Koma zolembedwamo si zake. Anamwino amalemberana okhaokha, mwini thupi ali gone pomwepo. Ndikudziwa kuti ndi ochepa, wodi yonse ya abambo anamwino awiri, odwala ena ali pa matiresi pansi, ndipo sangalembe chiganizo chathunthu pa munthu aliyense. Ndikudziwa, koma kudziwako sikundiziziritsa mtima. M'mawa madokotala akamabwera kudzayendera odwala, mlonda amatulutsa magadiyani onse. Timakaima kuseri kwa mawindo n'kumasuzumira, kuona milomo ikuyenda pa bedi la munthu wako, osamva kanthu. Ukalowanso umapeza tsamba lawonjezeka zilembo, amene walemba wafika kale kuwodi ina. Chikhalirecho wodyetsa wodwala, womusambitsa ndi womumwetsa mapiritsi ndi iwe amene anakutulutsa panja uja.

Lachitatu chakumadzulo ndinali kukhitchini ya magadiyani, kulimbirana mafuwa ndi azimayi anzanga. Pobwerako ndinapeza kachidutswa ka pulasitala katamatidwa pa chitsulo cha kumutu kwa bedi. Panalembedwa ndi cholembera chofiira zilembo zitatu: NPO.

"Wamata ndani ichi?" ndinafunsa.

"Namwino. Wanena kanthu, koma anaima mbali ya khutu lakufali. Ndangoti eya."

"Mwangoti eya osamva?"

"Nanga munthu wavala yunifomu ungamuuze kuti abwereze? Si mwabwera eni ake owerenga."

Ndinapita kuti ndikafunse, zimenezo Mulungu ndi mboni. Ndinayenda mpaka pa tebulo la anamwino. Namwino wa tsikulo anadzutsa mutu n'kumwetulira. Anali mayi wa mtsikana wina wa m'kalasi mwanga. Temu yapitayo ndinali nditawaitanitsa kusukulu n'kuwauza, ndi mawu anga a m'kalasi aja, kuti mwana wawo Chingerezi chikumuvuta chifukwa kunyumba samuthandiza kuwerenga.

"Aa, madamu. Tikuthandizeni?"

"Ndimati ndingokupatsani moni."

"Zikomo. Zonse mwaziona, eti? Mawa ndi tsiku lawo."

"Ndaziona," ndinatero, n'kubwerera kubedi.

Foni yanga ndi ya mabatani, yongoimbira, choncho kufufuza pafoni kunalibe. Koma ndisanamizire foni. M'wodi monse munali anthu amene ndikanawafunsa. Ndinadziuza kuti zilembo za papulasitala ndi zimodzimodzi ndi za m'buku zija, nkhani za anamwino okhaokha, ndipo masiku atatu anali atadutsa osazidziwa popanda chovuta.

Lachinayi m'mamawa mlonda atatsekulira oona odwala, anafika mayi amene amayandikana nyumba ndi ababa. Amagulitsa sitiroberi ndi mapeyala m'mbali mwa msewu wokwera phiri, ndipo tsikulo anatsika ndi dengu lawo kuti akatha kuona wodwala apite kumsika. Anabweretsa fulasiki ya phala la mpunga lotendera. Anathira m'kapu, analawa supuni imodzi monga mwa mwambo, kenako maso awo anagwera pa pulasitala.

"Apa alemba chiyani, aphunzitsi?"

"Ndi za mankhwala."

"Oho. Idyani, bambo, mupeze mphamvu. Mpeni sufuna munthu wanjala."

Ababa anadya kapu yonse n'kupempha ina. Ine ndi amene ndinawathirira yachiwiriyo.

Cha m'ma eyiti kunabwera machira a matayala kudzawatenga. Namwino wa m'mawa, mayi wachikulire wovala magalasi, anaima n'kuyang'ana kapu imene inali pa kabati, supuni ili momwemo.

"Wadya ndani apa?"

"Ababa," ndinatero.

"Liti?"

"Posachedwapa."

Anavula magalasi. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Analoza pulasitala ndi chala n'kundifunsa ngati ndinaiona. Ndinati ndinaiona. Anafunsa kuti nanga bwanji. Ndiye anandifotokozera pang'onopang'ono, wodi yonse ikumva, kuti zilembo zimenezo zimatanthauza kuti wodwala asadye kapena kumwa kanthu kalikonse, ngakhale madzi, chifukwa munthu akamugoneka ndi mankhwala m'mimba muli chakudya angathe kusanza, masanziwo n'kulowa m'mapapo. Anati dzulo eni ake anauzidwa. Anati ogonetsa anthu kufiyeta, kochitira opaleshoni, sangawalandire, tidikire Lachinayi linalo. Anamatula pulasitala ija n'kuuza okankha machira kuti apite pa bedi lachisanu.

Akuluakulu amati safunsa anadya phula. Kwathu zinagawidwa: wosafunsa ndinali ine, wodya anali ababa. Iwo sanandidzudzule. Anangofunsa kuti namwino akuti chiyani, ndipo nditawauza m'khutu labwino lija anati, "Phalalo linali lokoma koma." Kenako anatembenukira kukhoma. Madzulo anthu a kuphiri ataimba foni kufunsa za opaleshoni, ndinawauza kuti madokotala anatanganidwa. Za phala sindinatchule. Ndinkati ndikuteteza mayi wa sitiroberi uja kuti asadzimve wolakwa, koma amene ndinkamuteteza ndinkamudziwa.

Sabata yachiwiri inali yaitali. Nditapempha sabata ina, aphunzitsi aakulu anandiyankha pafoni ndi mawu awiri okha, ndipo ndinadziwa kuti ndikabwerera ndikapeza nkhope. Ababa chotupa chinawapweteka kawiri, ulendo wina mpaka thukuta, ndipo nthawi zonse ziwirizo ndinkaima pambali n'kumaganiza za matumbo opotana aja. Ndinakwiyira aliyense: mlonda, madokotala, amene anayambitsa zolemba mofupikitsa, mayi wa sitiroberi chifukwa chodzuka m'mamawa, ngakhale ababa chifukwa cha khutu lawo.

Amene anandiphunzitsa zilembo zija sanali namwino. Anali mayi wina wachisilamu wa ku Songani, amene anali atakhala miyezi iwiri kukhitchini ya magadiyani akudwazika amuna awo. Sukulu ya boma sanaiponde. Anamva za nkhani yanga, poti kukhitchini kumeneko nkhani imafika msanga kuposa utsi, ndipo anandiitana ndikutsuka mapoto.

"Bweretsani bukulo, mwanangu."

Analoza ndi chala chonyowa. Zilembozo sankazitchula maina, ankangozidziwa maonekedwe, monga mmene umadziwira nkhope za anthu a m'mudzi mwako.

"Ichi cha mimba ziwiri ndi m'mawa ndi madzulo. Ichi choyamba ndi mtanda wopanda mutu ndi katatu, m'mawa, masana, madzulo. Ichi ndi pompano, akalemba ichi musakhale pansi, kawakokeni anamwino. Ichi ndi cha ululu, sapereka mpaka wodwala alire, ndiye muziwauza bambo anu kuti asamalimbe mtima, chamuna cha kunyumba asiye pageti. Chanu chija, chokhala ndi dzira pamapeto, ndi njala. Mukachiona, bisani kapu."

"Munazidziwa bwanji zonsezi?"

"Ndinkafunsa, nanga ine ndili ndi chiyani choti ndichite nacho manyazi?"

Ndinazilemba zonse kumapeto kwa kope langa lokonzera maphunziro. Pambuyo pake ndinadzamva kuti zambiri mwa zilembozi si Chingerezi n'komwe, ndi Chilatini, chinenero chimene ngakhale eni ake anasiya kuyankhula. Ndinaseka, koma kuseka kowawa. Munthu wocheka matabwa pa phiri la Zomba, khutu limodzi, akuuzidwa m'Chilatini chodulidwa kuti asadye phala.

Tsopano ndinene za azakhali. Ababa ali ndi mlongo mmodzi yekha, wamkulu kwa iwo, amakhala tsidya lina la mtsinje wa Mulunguzi. Amayi akudwala matenda awo omaliza, azakhali anawabweretsera chakudya, ndipo patapita masiku awiri amayi anamwalira. Pamaliro wina wa kuchikazi anayankhula mawu, osatchula dzina, koma aliyense anadziwa kumene akuloza. Ababa anali pomwepo ndipo sanatsegule pakamwa. Sindikhulupirira kuti anavomereza. Ndikuganiza kuti chisoni chinawamanga lilime, mwinanso sanamve bwino. Koma azakhali anaona mlongo wawo ali chete, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanapondenso pakhomo pathu. Akakumana kutchalitchi ankapatsana moni wa alendo. Zaka zisanu ndi chimodzi, wina osalawa madzi a kwa mnzake.

Kwathu wodwala sumuona chimanjamanja. Umanyamula kanthu, ukafika umalawa iwe woyamba pamaso pa onse, kenako wodwala amalandira. Ngakhale alibe chilakolako, ngakhale akhuta, amaika pakamwa, kungonyowetsa milomo kokha n'kokwanira. Wodwala akabweza chakudya cha munthu osachilawa ndiye kuti wanena mawu aakulu, ndipo palibe amene amafunsa kuti akutanthauza chiyani.

Lachitatu lachiwiri pulasitala yatsopano inamatidwa. Ulendo uno ndinaima pomwepo ikumatidwa, ndinafunsa nthawi yeniyeni yosiyira kudya, ndinawauza ababa m'khutu labwino kawiri. Kapu, supuni, botolo la madzi, nthochi ziwiri, zonse ndinazitsekera m'chikwama n'kuchikhalira. Lachinayi m'mawa anatiuza kuti ababa ndi achitatu pa mndandanda. Machira anabwera kudzatenga woyamba. Tinadikira. Ababa milomo inauma, anapempha kuti angotsuka m'kamwa, ine ndinakana. Ndinali ngati galu wa pageti, ndipo ndinkanyadira ukali wangawo. Dzuwa linakwera, wachiwiri sanatengedwe, koma ndinati mwina woyamba uja wavuta.

Thwelofu itakwana mlonda anatsekulira oona odwala. Anthu analowa ndi mabasiketi awo, ndipo kumapeto kwa gululo ndinaona azakhali. Anali atakalamba kuposa mmene ndinkawakumbukira. Mapazi anali ofiira ndi dothi la njira yachidule yotsika phiri, kusonyeza kuti sanakwere galimoto. M'manja anali ndi kachigubu kokulunga m'chitenje. Anayenda bedi ndi bedi akusuzumira nkhope mpaka anatipeza.

Ababa anayesa kudzuka. "Achemwali," anatero.

"Gonani, achimwene. Ndamva kuti mwagona kuno masabata awiri. Ndati chibale ndi fupa."

Ndinawapatsa mpando. Anafunsa za ululu, anafunsa za achimwene a ku Joni, anandifunsa ine za sukulu. Kenako anamasula chitenje. Linali thobwa, la chimera cha mawere, limene ababa amalikonda kuyambira ali mwana. Anali atabweretsa ndi kapu yawoyawo. Anakhutchumula chigubu, anathira, anamwa iwo kaye mokweza kapu kuti tonse tione, anapukuta pamlomo pa kapuyo ndi chitenje, n'kuitambasulira kwa ababa ndi manja awiri.

Ababa anatambasula dzanja. Ine ndinaligwira.

"Azakhali, pepani. Lero sakuyenera kumwa kanthu."

Sanandiyang'ane. Ankayang'ana mlongo wawo. "Angonyowetsa milomo."

"Ngakhale dontho. Akupita kufiyeta masana ano. Taonani apa, alemba." Ndinaloza pulasitala.

Apo ndiye anatembenuka. Anayang'ana pulasitala, anayang'ana ine.

"Kapepala kofiira aka? Mayi wa sitiroberi anatiuza za kameneka. Anati kanalipo sabata yatha, anakufunsa, iwe unati ndi za mankhwala. Achimwene anadya makapu awiri a phala lake pansi pa kapepala komweka. Mayiyo wafotokozera phiri lonse kuti akudya bwino, ndi chifukwa chake ndinafulula." Anaika kapu pa bondo. "Ndiye kapepalaka kamasankha? Phala la eni kamalola, thobwa langa kakuletsa?"

A pabedi loyandikana anasiya kutafuna. Ndinayang'ana ku tebulo la anamwino kuti wina abwere adzanene ndi pakamwa pake, wa yunifomu, amene azakhali akanamukhulupirira. Panalibe munthu. Mmodzi anali kuwodi ina, wina anapita kukatenga mankhwala. Zilembo zawo anazisiya kuti ziwayankhulire, ndipo womasulira wake ndinali ine, amene ndinali nditanama kale.

Mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndinagwada pansi pa simenti pafupi ndi mpando wawo.

"Azakhali, sabata yatha ndinanama. Sindinkadziwa tanthauzo lake. Ndinachita manyazi kufunsa. Phala lija ndi limene linalepheretsa opaleshoni, si madokotala ayi. Ababa agona kuno sabata ina chifukwa cha ine. Akamwa thobwali agonanso ina."

Ndinanena mokweza, kuti ababa amve, ndipo wodi yonse inamva nawo. Ndinkaganiza kuti choonadi chikatuluka zinthu ziwongoka.

"Iwe, wa Chingerezi iwe, sunkadziwa?" anatero azakhali.

"Sindinkadziwa."

"Tizilembo titatu."

"Eya."

"Sabata yatha unanama, lero ukunena zoona. Ine ndidziwa bwanji kuti si lero ukunama?" Anatembenukira kwa ababa. "Achimwene, mwana ndi mwana. Inu mukuti bwanji?"

Sindikudziwa kuti ababa anamva zingati mwa zonsezi. Anayang'ana kapu, anayang'ana ine, dzanja langa likadali pa mkono wawo. Ndinawafinya. Ndinkaganiza za thukuta lija, za matumbo, za Lachinayi lina. Anameza malovu amene analibe.

"Achemwali, akuti ndi lamulo la kuno. Mundisungire, ndimwa mawa."

"Thobwa la lero mawa ndi mowa," anatero azakhali. Anabwezera thobwa la m'kapu m'chigubu, mosamala, osataya dontho. Anatseka, anakulunga m'chitenje. Ndinawapempha kuti ndimwe ine m'malo mwa ababa, anati sanafululire ine. Ndinawapempha kuti adikire namwino abwere awafotokozere, anati njira ya kuphiri ndi yaitali ndipo nkhungu imatsika msanga. Anatsanzika mwaulemu wonse, kwa ababa, kwa ine, ngakhale kwa a pabedi loyandikana. Ndinawaperekeza mpaka pakhomo la wodi, iwo osatembenuka.

Nditabwerera ababa anali atatseka maso. Ndinakhala pa chikwama changa chija. Ndinadziuza kuti ndachita bwino, kuti opaleshoni ikatha ndidzakwera phiri ndi kukawaonetsa azakhali bala ndi ulusi wake, adzaone kuti sitinawakanire chabe. Wani koloko inadutsa. Thu koloko. Nthawi iliyonse ndikamva matayala pakhonde ndinkaimirira, koma anali a chakudya kapena a zochapa. Mlonda anatulutsa alendo. Ababa anayamba kupuma ndi kukamwa, lilime lili loyera.

Itakwana folo sindinathenso kupirira. Pa tebulo panali namwino uja, mayi wa mtsikana wa m'kalasi mwanga, atangoyamba ntchito ya madzulo. Ulendo uno manyazi ndinalibe, anali atathera pa simenti paja.

"Ababa sanatengedwebe. Sanadye kuyambira dzulo. Apita nthawi yanji?"

Anasanthula mafayilo, anatsegula ya ababa, anayendetsa chala.

"Aa, madamu, sanakuuzeni? Lero sizitheka. Makina owiritsira zida awonongeka atangomaliza woyamba uja. Onse otsala awasunthira Lachinayi likubwerali. Alemba apa."

Ananditembenuzira fayilo. Unali mzere umodzi, zilembo zina zofupikitsa zimene munalibe m'kope langa, ndi siginecha. Koma kumayambiriro kwa mzerewo kunali nthawi, ndipo manambala ndimawerenga bwinobwino. Panalembedwa 11:20.

"Izi zinalembedwa thwelofu isanakwane," ndinatero.

"Eya, kufiyeta anatumiza uthenga m'mawa momwemo."

"Nanga pulasitala bwanji sanaichotse?"

"Mwina anamwino a m'mawa anaiwala, anatanganidwa. Apatseni chakudya, madamu, ayambe ndi chamadzimadzi."

Ndikanatha kukuwa. Mawu anali atadzaza m'kamwa, okhudza mafayilo amene amauzidwa zinthu anthu osauzidwa, okhudza mphindi makumi anayi, okhudza mayi wokalamba amene panthawiyo anali pakati pa matanthwe akukwera ndi chigubu chodzaza. Koma namwinoyo anali atangofika, sanalembe ndi iye, ndipo kumbuyo kwanga kunali kale anthu awiri akudikira ndi mabuku awo. Anayenda nane mpaka pabedi, anamatula pulasitala ndi chikhadabo, anaikulunga n'kuiponya m'bini. Sizinamutengere nthawi yoposa kuphethira.

Ndinapita kukhitchini, ndinapempha moto kwa mayi wa ku Songani, ndinaphika phala la mgaiwa lamadzimadzi. Nditabwera nalo ndinawadzutsa ababa n'kuwauza zonse m'khutu labwino: makina, Lachinayi lina, ndi nthawi imene inalembedwa mufayilo. Sindikudziwa chifukwa chake ndinawauza za nthawiyo. Mwina ndinkafuna wina woti tikwiye naye limodzi.

Anamwa madzi kaye, pang'onopang'ono. Phala anadya masupuni atatu n'kukankha mbale.

"Achemwali chigubu chija anasiya?"

"Anapita nacho."

Anagwedeza mutu. Anayang'ana pamene panali pulasitala, pomwe panatsala kachizindikiro ka zomatira.

"Ndiye ukuti nthawi imene anabwera ija, ndikanatha kumwa?"

"Mukanatha."

Opaleshoni inadzachitika Lachinayi lachitatu, ndipo ababa anachira. Pano amakwera kachitunda kaja osapuma, ngakhale zipika ndinawaletsa. Azakhali sanatsikenso kuchipatala. Kutchalitchi amapatsana moni, ndipo sindinganene kuti wafunda kapena wazizira. Koma tsiku lija, mbale ya phala ili pakati pathu, ababa anandikoka mkono kuti ndiwerame, ngati kuti wogontha ndine.

"A kuphiri akaimba, uwauze kuti andichita lero. Sabata yamawa usalole munthu atsike, unene kuti madokotala aletsa alendo. Achemwali asadzamve kuti ndinawabwezera thobwa lawo popanda chifukwa."

"Ababa, mukundituma kuti ndiname."

"Eya," anatero. "Iweyo amakukhulupirira."

Foni inalira ndisanatsuke mbale. Anali mayi wa sitiroberi, akufunsa m'malo mwa onse. Ndinatuluka panja, ndinaima kuseri kwa windo kumene timaima magadiyani, ndipo ndinawauza kuti zayenda bwino.